Kamzere Kamodzi pa Khosi la Chipolopolo

Loweruka lija Lacey anadzuka kusanayere, monga masiku onse. Anawola phulusa m'mbaula, nakoleza moto, n'kutuluka kukaswa madzi a nkhuku omwe anali ataundana gwa. Anatola mazira anayi, limodzi litang'aluka ndi chisanu. Pobwera anasintha thewera la Opal n'kumuyamwitsa, anaphikira Tilda, mwana wake wamkulu, phala, anakataya mkodzo wa mwamuna wake, anamutsuka bala la pamwendo n'kumumwetsa mapiritsi ake awiri. Atatero anawaza nkhuni, anachapa, n'kuyanika m'nyumba momwemo chifukwa mwezi wa Novembala kuno ku Montana chovala ukachiyanika panja chimauma ngati thabwa. Ntchito imene inatsala, yomwe ankaiganiza chidzukireni, inali yopanga zipolopolo za mawa.

M'firiji yaikulu ya kukhonde munatsala timapaketi titatu ta nyama ya chaka chatha. Pakhomopo panali pakamwa pasanu, ndipo chisanu chinali chisanafike n'pakati pomwe. Zaka zonse firijiyo inkadzazidwa ndi Royce, mwamuna wake, koma mu Seputembala mtengo unamugwera pamwendo ku ntchito yodula mitengo. Tsopano anali gone pabalaza, mwendo uli zitsulo zokhazokha, ndipo mfuti yake inagulitsidwa mwezi womwewo. Chimene chinatsala chinali chiphaso cha boma cholembedwa dzina la Lacey, chomulola kupha eliki imodzi yaikazi, mbawala zikuluzikulu zija za m'mapiri zomwe imodzi yokha imadyetsa banja mpaka dzinja lina. Chiphasocho chinkatha ntchito Lamulungu dzuwa likalowa. Lamulungu lomwelo ndi tsiku lokhalo limene Dena, mlongo wake wa Royce, akanatha kubwera kudzasamala ana ndi wodwala.

Mfuti imene inalipo inali ya apongozi ake, a Orval, eni nyumbayo. Sinali mfuti yosakira. Inali yampikisano, yoombera pepala patali, yolemera ngati mpini wa nkhwangwa uli ndi nkhwangwa yake. Mpope wake anachita kuupangitsa mwapadera, moti zipolopolo za m'sitolo sizinkalowamo. Zinkafunika zopanga okha, m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini.

A Orval anali kale pampando wawo m'kachipindamo. Maso awo anali atachita nkhungu kwa zaka ziwiri, ndipo manja ankanjenjemera, koma chilichonse pa tebulopo ankachipeza mongopapasa. Pakhoma panali zikho za mipikisano ndi mapepala akale okhala ndi mabowo asanuasanu othithikana, oti ukanawaphimba ndi batani la malaya.

"Wabwera, mwana wa sukulu?" anatero. Ankamutcha choncho chifukwa anasiya sukulu atatenga mimba ya Tilda. "Ndimayesa wakwatiwa ndi nkhuku."

"Nkhuku zimaikira mazira, Bambo. Inu mwaikira chiyani mmawa uno?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Tenga choyezera. Iwe ndiwe maso, ine ndine mutu."

Ntchitoyo Lacey anali ataidziwa m'masabata atatu. Chipolopolo chikaombedwa chimasiya chigoba chamkuwa, ndipo khosi la chigobacho limakhala litakula. Umachiika m'chopanira n'kukoka mkono wake, khosi lija n'kudutsa m'kamphete kachitsulo komwe kamalifinya kuti libwerere. Kenaka umathira wonga, n'kukhazika mutu watsopano pakhosipo. Khosilo ndi limene limagwira mutu, palibe guluu, palibe china. Kuti udziwe mmene lagwirira, umaliyeza kawiri, mutu usanalowe ndi utalowa. Choyezeracho chinali ndi mano awiri ndi nkhope ngati ya wotchi, ndipo kamzere kalikonse pankhopepo kanali kochepa kuposa tsitsi la khanda.

Anapana chigoba choyamba nachiyeza. "333."

"Thira wonga, ika mutu."

Anatero, nayezanso. "334."

"Kamzere kamodzi. Basi, ndi zimenezo." A Orval anagwedeza mutu mokhutira. "Khosi lisamachite kukanyanga mutu. Lizingougwira ngati mmene umagwirira mwanapiye. Ukapanitsa, china chituluka msanga, china mochedwa, ndiye pepala lako lioneka ngati payenda mbewa."

Mitu yake ankaisiyanso yotalika, kuti ukamatseka mfuti nsonga ya mutu izikaluma m'timizere ta m'kati mwa mpope. Ankati chipolopolo chikayamba ulendo chitagwira kale njira sichisochera. N'chifukwa chake mpiringidzo wa mfutiyo unkafuna kuukankha pang'ono ndi chikhatho potseka. Lacey anali atazolowera zimenezo masana atatu amene anaombera pepala kuseri kwa khola. Ankaika chimodzi, kutseka, kuomba, n'kuikanso china, ndipo zonse zinkagwa pamene walozapo.

Koma tsiku limeneli sankayeza chimodzi n'kudumpha zisanu ngati kale. Ankayeza chilichonse, chifukwa mawa kunalibe kubwereza. Chachinayi chinasonyeza theka la kamzere. Chachisanu ndi chiwiri singano sinasunthe n'komwe. Anachitenga chimenecho, natsamiritsa nsonga yake m'mphepete mwa tebulo, n'kukankha ndi chala chachikulu. Mutu uja unalowa wokha, myaa, ngati chala mu batala.

"Bambo, ichi sichinagwire. Ndachilowetsa ndi chala."

"Ndiye usamachikankhe ndi chala. Mfuti ilibe zala."

"Zigobazi zakalamba. Mwaziomba kangati?"

"Zakalamba ngati ndani? Nena bwinobwino."

Lacey anapukuta manja pa thalauza n'kupita pabalaza. Royce anali chagada, ndevu zili nyankhalala, Tilda akumujambula maluwa pa bandeji.

"Royce, khosi la chipolopolo chosakira liyenera kugwira timizere tingati?"

"Tiwiri. Titatu ngati ukuyenda m'miyala." Ankalankhula mokoka mawu chifukwa cha mankhwala. "Mkulu uja wakupatsa kamodzi, eti?"

"Zina n'kamodzi komwe sizikukwana."

"Mkuwa ukaombedwa kambiri umauma, sumveranso mphete. Za pepala zilibe kanthu. Koma iwe uika zinayi m'mimba mwa mfuti, ndiye ukaomba choyamba zinazo zimagundana mommo, mitu n'kusuntha. M'kabokosi kobiriwira muli mphete ina yaing'ono. Uike imeneyo, upanenso zonse. Ndi ntchito ya ola limodzi."

"Ukawauze wekha."

"Ndinyamule undipititse," anatero Royce, akuseka mopanda mphamvu. "Ine ndinakangana nawo za mphete imeneyo ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Anandigoneka m'galimoto masiku awiri."

Lacey anabwerera natsegula kabokosi kobiriwira. Munali malo atatu a mphete. Ina inali m'chopanira, ina yaikulu inali pamalo pake, koma malo achitatu anali pululu. Atatembenuka anaona a Orval akusisita thumba la pachifuwa la malaya awo. Nyumbayo inali yaing'ono, ndipo makutu awo sanachite nkhungu.

"Bambo, ndipatseni mpheteyo."

"Zaka makumi anayi ndi chimodzi," anatero a Orval, osamuyang'ana. "Zikho izi sindinatole kumtaya. Ndiye lero ndiphunzitsidwe ndi munthu wogona chagada ndi mtsikana amene anathawa masamu?"

"Masamu ake ndi awa: 333 kuchotsa pa 333. Palibe chotsala. Amenewo ndinafika nawo."

"Mfuti ndi yanga. Chipinda ndi changa. Ukafuna zako, kagule yako."

Lacey anayang'ana thumbalo. Akanatha kungopisamo dzanja. Munthu amene amanyamula mwamuna wamkulu kupita naye kubafa sangalephere nkhalamba yonjenjemera. Koma anaona dzanja lawolo mmene linagwirira thumba, misempha ili tong'o. Chaka chomwecho madokotala anawaletsa kuyendetsa galimoto. Makina odulira mitengo Royce anawabisira. Ngakhale khofi ankachita kuwathirira theka kuti asadzitayire. Pakhomo ponsepo panatsala kachipinda aka kokha pamene mawu awo anali omaliza. Nthawi yomweyo Opal analira kuchipinda, ndipo nyemba zinayamba kununkha pamoto.

"Chabwino," anatero. "Koma ndisankha ndekha zoti nditenge."

Atagoneka mwana anabwerera, napanga zonse makumi anayi, n'kuziyeza chimodzichimodzi. Anapatula zisanu zimene zinakwana kamzere kathunthu ndi kachidutswa pamwamba. Anazikankha pa tebulo ndi chala ndipo sizinasunthe. Anadziuza kuti zisanu zabwino n'zokwanira, poti eliki yake ndi imodzi.

Mmawa wa Lamulungu Dena anafika ndi buledi ndi nkhuku ziwiri zophika. Lacey anavala chijasi cha Royce ndi chovala chofiirira chowala cha alenje pamwamba. Ali pakhomo, a Orval anamugwira mkono.

"Lamulo loyamba?"

"Ndikulidziwa, Bambo."

"Linene."

"Pampanda, chotsa chipolopolo usanadumphe."

"Pampanda uliwonse. Kaya nyama ili pamphuno pako." Mng'ono wawo Einar anafera pa waya ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, mfuti itakodwa n'kulira yokha, ndipo a Orval ndi amene anamusenza kupita naye kunyumba. Lamulo limenelo analikhomerera mwa Royce, mwa Dena, ndipo masabata atatu apitawa ankamudumphitsa Lacey mpanda wa khola mobwerezabwereza mpaka manja ake anayamba kuchita okha.

Anayendetsa galimoto mphindi makumi anayi mpaka pamene msewu unathera, n'kuyamba kukwera wapansi. Mwini malowo anali atawauza pa foni kuti gulu la eliki latsikira kumunda wakale wa udzu, ndipo anawalola kulowa minda yake yonse iwiri. Chipale chofewa chinkafika m'akakolo. Kumadzulo mitambo inali itaunjikana bii, ndipo Lacey ankadziwa kuti pofika masana chipale china chiyamba kugwa.

Anayenda ola lathunthu. Atatulukira pamwamba pa kamtunda anaziona, khumi ndi imodzi, zikufukula udzu ndi ziboda, nthunzi ikutuluka m'mphuno. Anagona chafufumimba, naika mfuti pa chikwama, n'kukankha mpiringidzo mpaka unatseka. Anasankha yaikazi yonenepa yopanda mwana pambali. Analoza kuseri kwa phewa, napuma, natulutsa mpweya theka monga anamuphunzitsira. Pamene ankakhethemula, nyamayo inaponda phazi limodzi kutsogolo.

Mfuti inalira, phiri n'kubweza. Gulu lonse linabalalika. Yake ija inapinda msana, n'kuthamanga modzandira kutsata zinzake, nidumpha mpanda wa waya wolekanitsa minda iwiriyo, miyendo yakumbuyo ikukhudza waya wapamwamba. Lacey anali atalowetsa kale chipolopolo chachiwiri, koma nyamayo inatsetserekera kuseri asanalozenso.

Pamene inaima panali magazi akuda ndi tizidutswa ta udzu wogayika. Anadziwa kuti waiomba m'mimba. Royce ankanena kuti yotere umaisiya maola angapo kuti igone ife yokha. Anayang'ana mitambo ija. Maola angapo analibe, chifukwa chipale chikagwa magazi onse afufutika. Anatsata madonthowo mpaka pampanda.

Sanaganize n'komwe. Manja anachita zimene anaphunzira. Anakweza mpiringidzo, ndipo unalimba pang'ono, ndiye anaukoka mwamphamvu. Chigoba chinatuluka chopepuka, n'kugwera pa chipale chilibe mutu. Wonga unakhuthuka waa, wina m'kati mwa mfuti, wina pansi, wakuda ngati tsabola wothira pa dzira.

Anatola chigobacho n'kuchiyang'ana. Kenaka anachotsa mpiringidzo wonse, nasuzumira mumpope molozetsa kumwamba. Munali mdima. Mutu uja unali utaluma timizere ta m'kati monga a Orval ankafunira, ndipo khosi la kamzere kamodzi linalibe mphamvu youbweza. Mpope unagwira kuposa khosi. Pa pepala zimenezi sizikanaoneka mpaka kalekale, chifukwa kumpikisano chimene walowetsa umachiomba. Palibe amadumpha mpanda.

Anali ndi zipolopolo zina zitatu, koma njira yake inali yotseka. Anadziwa kuti kukakamiza china kumbuyo kwa mutu wotsalawo n'kufuna kusiya ana amasiye. Anagogoda tsinde la mfuti pa mtengo wa mpanda, kamodzi, kawiri, kakhumi. Sunasunthe. Anathyola kamtengo n'kukasenda ndi mpeni, koma kanathyokera m'kamwa mwa mpope, n'kuvutikanso kukachotsa ndi mano. Anayesa kupotokola waya wa mpanda, koma unali waminga, wopota pawiri, ndipo unangomung'amba chikhatho. Ndodo yachitsulo yotsukira mpope, imene ikanatha nkhaniyi ndi kugogoda kumodzi, inali pa msomali wake kunyumba, m'kachipinda kaja.

Anadutsa mpandawo atanyamula chitsulo chopanda ntchito. Sanayende mapazi mazana awiri. Eliki ija inali itagona m'kadzenje pakati pa zitsamba, miyendo itapinda pansi, mutu uli m'mwamba. Inali pafupi moti ankaona nsidze zake zitachita chisanu. Inkapuma movutika, ndipo mpweya uliwonse unkatha ndi kubuula kwapansipansi ngati kwa mayi amene watopa pobereka. Inamuyang'ana osadzuka. Pamtunda umenewo ngakhale Tilda akanailasa kuseri kwa khutu.

Lacey anaima pamenepo nthawi yaitali. Kupita kunyumba n'kubwerera kunali maola atatu ndi theka, ndipo tizidutswa toyamba ta chipale tinali titayamba kale kumugwera pa manja. Anaganiza za timapaketi titatu tija. Anamvanso kubuula kuja, ndipo sanathe kupirira nako. Anaika mfuti pansi, nasolola mpeni, n'kuyamba kuzungulira chakumbuyo pang'onopang'ono.

Anatsala mapazi atatu pamene nyamayo inadzambatuka. Sanaganize kuti chinthu chovulala choncho chingakhale ndi liwiro lotero. Inatembenuka, niimirira pa miyendo yakumbuyo, ndipo chiboda chinatsika pa mkono umene anatchinjiriza nawo nkhope. Anamva kuti thyo, nagwa chagada. Pamene ankadzuka, eliki inali ikutsetsereka kulowera kuchigwa chakuya cha mitengo yothithikana, matumbo akuoneka pambali, mpaka inazimirira.

Sanalire. Anamanga mkonowo pachifuwa ndi mpango, natola mpeni ndi chigoba chija, nakoleka mfuti paphewa lina. Galimoto anaiyendetsa ndi dzanja limodzi, magiya akusintha mopingasa thupi.

Atalowa m'nyumba onse anayang'ana manja ake kuti aone magazi a nyama. Dena ndi amene anayamba kuona mkono.

"Mayo ine, mlamu, watani?"

Lacey anamudutsa. Anaika mfuti pa tebulo la kukhitchini pamaso pa a Orval, n'kuwaika chigoba chopanda mutu m'dzanja. Iwo anachipapasa, nalowetsa chala chaching'ono pakhosi pake, nachinunkhiza.

"Sichinaombedwe ichi," anatero.

"Ayi."

"Mutu uli kuti?"

"Uli mumpope wanu. Waluma bwinobwino monga mumafunira."

"Unachichotseranji? Chipolopolo changa ukalowetsa umayenera..."

"Panali mpanda, Bambo."

Kuchokera pabalaza Royce anatukwana kamodzi, motsitsa, n'kumenya khoma ndi chibakera. A Orval anakhala chigwirire chigobacho.

"Dena, tenga ndodo ili pa msomali umo," anatero Lacey.

Dena anailowetsa kukamwa kwa mpope n'kuisiya kuti igwe yokha. Inangoti go, kamodzi. Mutu uja unagwera pansi n'kugubuduzika mpaka kunsi kwa mpando, ndipo Tilda anautola nafunsa ngati angausunge.

Royce anachonderera Lacey kuti apite kaye kuchipatala. Lacey anati chipatala chilipo ndi mawa lomwe, koma chiphaso chikutha lero. Dena anapukuta wonga m'kati mwa mfuti ndi burashi ya mano, namumanga mkono pa kathabwa, ndipo Lacey anabwerera yekha, ndodo ija atailowetsa m'chikwama. Atafika pampanda paja anapeza dziko lonse layera mofanana. Panalibe dontho la magazi, panalibe phazi, ngakhale lake lomwe la mmawa. Anatsikira m'chigwa muja, akugwa n'kudzuka, akusuzumira pansi pa mtengo uliwonse wakugwa. Dzuwa silinaoneke tsiku lonse, koma wotchi inamuuza pamene linalowa. Anakhala pa chitsa, natulutsa chiphaso, n'kuchidula ndi mpeni pa tsiku ndi mwezi ngati mmene amachitira mlenje amene wapha nyama. Nyamayo anali ataipha ndithu. Kungoti woidya sanali iye.

Lachiwiri mwini malo anaimba foni. Akhwangwala ndi amene anamusonyeza pamene panali eliki ija. Inafera pansi pa mtengo wakugwa, pamalo amene Lacey anadutsa chapafupi kawiri. Nkhandwe zinali zitadya kumbuyo konse, ndipo zotsalazo zinali zitasasa mpaka m'mafupa.

Lachitatu mmawa, akuphika phala ndi dzanja limodzi, Lacey anapeza kamphete kachitsulo pa tebulo pambali pa kapu yake. Anakatenga n'kupita kukachipinda kaja. A Orval anali pampando, zipolopolo zotsala makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu zili patsogolo pawo.

"Tizimasule zonse," anatero, osatchula za mwana wa sukulu. "Mitu tiilowetsenso m'kati pang'ono, isamalume. Ine ndikoka chopanira, iwe uziwerenga."

"Nyengo yatha, Bambo. Tikaombera chiyani?"

"Chaka chamawa."

Lacey anaganiza zowauza kuti chaka chamawa n'kutali kwa anthu amene ali ndi timapaketi tiwiri m'firiji. M'malo mwake anaika mphete yaing'onoyo, iwo nakoka mkono wa chopanira, iye n'kupanikiza choyezera ndi dzanja lamanzere.

"332," anatero. Mutu utalowa anayezanso. "334. Tiwiri."

"Kankha ndi chala."

Anakankha pa tebulo mpaka chikhadabo chinayera. Sunasunthe.

Zimene zinapita pa nkhaniyi ndi izi. Eliki imodzi yaikazi, nyama yoposa mapaundi mazana awiri, inathera nkhandwe, ndipo inafa mochedwa ndi movutika. Chiphaso cha chaka chonse chinadulidwa popanda choika m'firiji. Mafuta a galimoto anatha theka la thanki pa maulendo awiri. Fupa la mkono wamanja wa Lacey linakhala m'chikhakha masabata asanu ndi awiri, ndipo nthawi yonseyo nkhuni ankawaza ndi Dena akabwera Lamulungu, zikatha pakati pa sabata ankagona atavala majasi. Opal anasiya kuyamwa msanga chifukwa cha mankhwala a ululu amene mayi ake anapatsidwa. Pa nkhuku zisanu ndi zinayi, zisanu ndi imodzi zinadyedwa Febuluwale asanathe, mazira n'kutha nazo. Kuyambira Januwale Lacey ankaima pamzere kutchalitchi Lachinayi lililonse kulandira nyemba za m'zitini ndi mpunga, chinthu chimene analumbira kuti sadzachita. A Orval anachotsa mapepala awo onse pakhoma n'kukolezera moto, ndipo patebulo ankakankhira mbale yawo kwa Tilda n'kunena kuti akhuta. Ntchito yopananso zigoba zonse ndi mphete yaing'ono inatenga mphindi makumi asanu.